Paketi ya Shuga Yosagulitsa

Pa Kamwendo, m'chaka cha 2006, panali magolosale awiri oyang'anizana, msewu wa tala wopita ku Mchinji utadutsa pakati. Ina inali yodzaza katundu mpaka kudenga, koma munkalowa ntchentche zokha. Inayo inalibe katundu wodzaza ngakhale dengu limodzi, koma anthu ankapondana zala pakhomo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Yodzazayo inali ya Kefasi Namacha, ndipo nkhani imeneyi inkamuzunguza mutu munthu wamkulu.

Kefasi sanali wa kuno. Anachokera ku Phalombe ali mnyamata, atakwera lole ya matenanti, ndipo anatha zaka khumi ndi chimodzi akulima fodya pa esiteti ina cha ku Kachebere. Utenanti anaudziwa bwino: kufesa, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kenako kuima pambali manja kumbuyo bwana akuyeza fodyayo pa sikelo yake n'kutchula yekha mtengo. Chaka china mvula itagwa bwino, iye ndi mkazi wake Consolata anamanga lamba, n'kutuluka pa esiteti paja ndi kangachepe kotsegulira golosale. Tsiku limene anakhoma chikwangwani pakhomo, Kefasi analumbira kuti utomoni wa fodya sudzamatanso m'manja mwake.

Zaka zoyamba golosale inayenda. Koma chibwerere matipate, aliyense anasanduka wamalonda. Anyamata ankabwera panjinga ndi sopo, mafuta ophikira ndi zitenje kuchokera ku Chipata, n'kuyala pamphasa m'mbali mwa msewu pa mtengo wogwetsa. Sopo yemwe anali pa shelefu ya Kefasi analinso pa mphasa khumi kunjaku, ndiye munthu akanakwereranji masitepe? Mapaketi a machesi anayamba kufufuma ndi chinyezi, mabotolo a mafuta odzola anatuwa ndi fumbi.

Mwezi wa Juni kunabwera Wilson, kapitawo wa pa esiteti ija, munthu wa mimba yotsogola ndi mawu okoma. Anatsamira kauntala, n'kumwaza maso m'mashelefu mwachifundo chopweteka.

"A Namacha, katundu yense uyu ndi wa chaka chatha uja?"

"Akuyenda pang'onopang'ono, akapitawo."

"Ee, tikuona. Komatu bwana sanakuiwaleni. Amati wosoka fodya ngati inu sanamupezebe. Lole idutsa pano Loweruka lomaliza la Seputembala. Malo anu alipo, musachite manyazi."

Wilson atatuluka, Consolata, amene ankamvetsera kuseri kwa katani, sanalankhule zambiri. Anangoti, "Bambo a Ivy, ine sindifuna kubwerera, inu mukudziwa. Koma chikwangwani sitingadye. Ikafika Seputembala zili chonchi, ndimanga katundu." Kefasi anachita mantha enieni, ofika m'mafupa, chifukwa mkazi wakeyo sankanena chinthu kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo maso ake anakhazikika tsidya la msewu. Golosale yopanda katunduyo inali ya Luwiza, mayi wamasiye amene anthu ankamutchula ndi mfunda wake kuti aNangondo. Mwamuna wake atamwalira, katundu anatha m'mashelefu ndipo sanaodenso wina. Aliyense ankadikira kuti atseka. M'malo motseka, mayiyo anafolera nyumba ndi malata atsopano. Kefasi ndi Luwiza ankapatsana moni wa patali, wokweza dzanja, koma Kefasi anali asanawolokepo msewuwo. Mwini golosale kukalowa m'golosale ya mnzake, anthu aziti akukatani?

Ndiye anakoka mpando n'kukhala pakhomo pake. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekhadi munthu, masiku anayi athunthu, ndipo chimene anaona chinamuimitsa mutu. Mlimi ankafika ndi thumba la mtedza panjinga, n'kukankhira njingayo kuseri kwa mpanda wa udzu. Kenako ankalowa m'golosale chimanjamanja. Pa shelefu yapakati, poonekera bwino kuchokera kumsewu, panali paketi imodzi ya shuga, yokhayokha, yakuda ndi manja a anthu. Mlimi uja ankainyamula ndi manja awiri, n'kutuluka nayo khomo lakuseri. Pakapita kanthawi ankabwera nayo, n'kuiika pamalo pake, n'kutuluka akumwetulira. Tsiku lina Kefasi anawerenga anthu makumi awiri ndi atatu amene anachita zimenezi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagula shugayo.

"Mayi a Ivy," iye anatero akunong'ona, "ndazitulukira. Muli chizimba m'paketi imene ija. Aliyense woigwira amakodwa, sangapitenso kwina."

"Chizimba m'shuga?"

"Nanga mukuti chiyani? Munaonapo golosale yoyenda ndi paketi imodzi?"

Kefasi anali mkulu wa mpingo, ndipo Lamulungu lililonse ankadzudzula za mankhwala. Koma chidwi chilibe mpingo. Anatuma Consolata kuti akagule paketiyo, mtengo uliwonse umene atchule. Consolata anapita, n'kubwera akudziletsa kuseka.

"Akuti shuga alibe. Akuti ndikagule kwa amuna anga, ali naye wambiri."

Apa Kefasi anatsimikiza. Anasesa shelefu yake yapakati, n'kuikapo paketi imodzi ya shuga, yokhayokha, moyang'ana kumsewu monga ankachitira Luwiza. Mwina mphamvu yake inali m'kaikidwe, ndani akudziwa? Inakhala pamenepo sabata yathunthu. Makasitomala amene inaitana anali nyerere.

Safunsa anadya phula. Lolemba lotsatira Kefasi anavala jekete, anayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera galimoto chonsecho msewu unali zii, n'kuwoloka. Pakhonde pa Luwiza anadutsa telala akupalasa makina, ndi mtsikana wokhala ndi foni ya patebulo imene anthu ankalipira kuti aimbire abale awo. Anyamata a kabaza, onyamula anthu panjinga, anali mbwee pakhomo, dzuwa likuwaswa. M'katimo anapeza Luwiza atakhala pa mpando, akusenda chinangwa.

"A Namacha! Lero mvula igwa m'chilimwe. Takulandirani."

Atalonjerana, Kefasi anakhosomola, n'kuloza shelefu ndi chibwano. "ANangondo, ndinene mosabisa. Shuga uyo muli chiyani?"

"Muli shuga."

"Ndikutanthauza kuti... anakukonzerani ndani?"

Luwiza anamuyang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka mpeni kugwa pansi. Atapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje anati, "Akulu a mpingo inu! Inyamuleni paketiyo nokha. Tiyeni mukaone sing'anga wanga."

Kefasi anainyamula ndi nsonga za zala, n'kutsatira mayiyo kuseri. Kumeneko kunali bwalo losesedwa bwino, ndi mtengo wa mango pakati. Pa nthambi yake panalendewera sikelo ya ngowe. Mozungulira munakhala anthu atatu ogula mtedza, wina wa ku Lilongwe, wina wa ku Chipata, wina mayi wa pompano, aliyense atalemba mtengo wake ndi makala pa chikatoni. Alimi anali pamzere ndi matumba awo.

"Ikani pa ngowepo," anatero Luwiza.

Kefasi anaika paketi ija m'kajumbo kopachikidwa pa ngowe. Muvi wa sikelo unayenda pang'ono n'kuima pa wani, osapitirira, osaperewera.

"Mwaona? Shuga ameneyo ndi wa kufakitale, sanatsegulidwepo, kilo imodzi ndendende. Zimenezo amazidziwa aliyense, ngakhale amene sanapondepo m'kalasi. Mavenda a m'misewumu amafinya masikelo awo, thumba la makilo fifite limasanduka fote. Pano mlimi asanapachike thumba lake amayamba wayesa sikelo ndi dzanja lake. Ikanama, shuga aiulula. Akayeza, amasankha yekha wogula mwa atatuwa."

"Ndiye inu mumapezapo chiyani?"

"Wogula aliyense amandisiyira kangachepe pa thumba. Telala, wa foni, onsewo madzulo amasiya ya khonde. Alimi akalandira ndalama amasoketsa malaya, amaimba foni, amakwera kabaza. Wina amabwera chifukwa cha mnzake. Ine katundu ndilibe, a Namacha. Changa ndi pokumanira."

Kefasi anayang'ana matumba aja, ndipo mutu wa wamalonda unayamba kugwira ntchito. "Koma aNangondo, bwanji osagula nokha mtedzawu? Sikelo ndi yanu, bwalo ndi lanu. Phindu lonse likanalowa m'thumba mwanu."

"Tsiku limene ndidzagule mtedza, sikelo iyi idzakhala ndi mbale wake," anayankha Luwiza. "Pano ilibe mbale. N'chifukwa chake anthu amaikhulupirira."

Mawu amenewa Kefasi anawamva ndi khutu limodzi, chifukwa maso ake anali kalikiliki kuwerenga mitu ya anthu. Potuluka, Luwiza anamuperekeza mpaka pakhonde n'kuloza tsidya. "Inu muli ndi mtengo wa kesha pakhomo, mthunzi wonsewo ukungogona. Anyamata a kabazawa anditsekera khomo, ndipo akupsa ndi dzuwa. Atengeni, mundithandize."

Kefasi anabwerera kwawo akuyenda ngati wachira malungo. Tsiku lomwelo anachotsa makatoni akale amene anadzaza khonde, anakhoma mabenchi awiri pansi pa kesha, n'kukaitana akabaza. Koma wa kabaza sakhala pamalo popanda chotafuna ndi pampu. Ndiye Kefasi anakapeza Benedicta, mayi wochokera kwa Dambe amene ankayenda ndi beseni la mandasi pamutu tsiku lonse, n'kumupatsa ngodya ya khonde. Anakapezanso Lameki, wokonza njinga, amene ankagwirira ntchito yake padzuwa pafupi ndi chigayo, n'kumupatsa mbali ina ya mthunzi.

Zimene zinachitika zinamudabwitsa mwini wake yemwe. Akabaza anabwera chifukwa cha mthunzi ndi Lameki. Okwera kabaza anabwera chifukwa akabaza anali pamenepo. Maminibasi anayamba kuima pomwepo chifukwa panali anthu. Onsewo fungo la mandasi linkawakoka mphuno, ndipo wodya mandasi amafuna chakumwa, wodikira minibasi amakumbukira kuti kunyumba kulibe mchere. Benedicta naye ufa, shuga ndi mafuta ankagula kwa Kefasi, pafupi. Sabata zitatu zisanathe, mashelefu amene anakhala chaka osagwedezeka anayamba kuoneka mipata. Kefasi ankaima pakhomo n'kumaonerera khonde lake ngati akuonerera mpira, akudabwa kuti zonsezi zinali kuti masiku onsewa. Consolata anayambanso kuimba akamatsuka mbale.

Zikanathera pomwepa bwenzi nkhani ilibe mchere. Koma munthu amene wagulitsa zinthu zaka zambiri sangaone chinthu chikuyenda malonda dzanja lake osayabwa. Kefasi anaona kuti beseni la Benedicta limatha isanakwane teni koloko, lachiwiri limatha masana. Ufa unali wa m'golosale yake. Mafuta anali ake. Khonde linali lake, ngakhale anthu odyawo anawasonkhanitsa ndi iye. Nanga Benedicta ankabweretsa chiyani, kupatula manja?

"Mayi a Ivy, inunso manja muli nawo," anatero tsiku lina, akutsitsa panjinga chiwaya chatsopano chokazingira.

Consolata anachiyang'ana chiwayacho osachigwira. "Benedicta munachita kukamuitana nokha."

"Sindikumuthamangitsa ayi. Azigulitsa ake, ife athu. Ndi mpikisano basi, boma linalola."

Consolata anakazinga, nkhope ili gwa. Popeza ufa anali kuutenga pa mtengo wooda, mandasi a Kefasi anatuluka akuluakulu ngati chibakera, pa mtengo womwewo. Anawaika m'beseni pa kauntala, pamene aliyense wolowa ankayamba kuwaona. Tsiku loyamba anatha onse. Lachiwiri anathanso, ndipo Benedicta anaweruka ndi beseni lake litatsala theka. Kefasi anagona mokondwa, akudziona wochenjera kuposa Luwiza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Anthu a kuno akakhumudwa nawe sakutukwana. Amakuthokoza bwinobwino n'kusowa. Tsiku lachitatu madzulo Benedicta anasesa ngodya yake kuposa masiku onse, anapinda maondo pakhomo n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo, mwatisunga. Mawa sindioneka, kumudzi kuli zina." Kefasi anamufunira ulendo wabwino, osazindikira kanthu. Patapita masiku awiri Lameki naye anamanga zitsulo zake m'thumba, akuti akukaona odwala. Odwalawo anapezeka kuti ali pafupi ndi chigayo, pamene Benedicta anali atayala kale beseni lake padzuwa. Akabaza anatsatira pampu ya Lameki mmodzimmodzi. Maminibasi anaona kuti pa kesha palibe anthu, n'kumadutsa osaliza ndi hutala yomwe.

Kefasi anakumana ndi Lameki pamsika n'kumufunsa chimene anamulakwira.

"Palibe, bambo," anayankha Lameki akuyang'ana pansi. "Kungoti ine ndimagulitsako masipoko ndi zigamba. Ndinaona kuti lero ndi mandasi, mawa ndi masipoko."

Pofika sabata yachiwiri ya Seputembala, khonde linali mbee ngati kale. Mandasi akuluakulu aja anauma pa kauntala, ndipo banja lonse linadya mandasi m'mawa, masana ndi madzulo mpaka mwana wawo Ivy anayamba kulira akangoona beseni. M'masiku omwewo anatulukiranso Wilson, ndi kope lake lolembamo mayina a matenanti.

"Ndinamva kuti zinayamba kuyenda," iye anatero akuyang'ana mabenchi opanda anthu. "Ndilembe, a Namacha? Chaka chino bwana wagula sikelo yatsopano, yochokera kunja."

Kefasi anati aganiza. Wilson atapita, Consolata anatuluka kuseri kwa katani, ndipo ulendo uno analankhula.

"Mwamva? Sikelo yatsopano. Mwaiwala mmene munkabwerera kunyumba bwana akayeza fodya wathu? Munkakhala pa mwala osadya. Munkati munda ndi wake, chimanga chimene timadya n'chake, sikelo ndi yake, wogula ndi iye yemweyo, ndiye tenanti angapambane bwanji. Ndi mawu anu amenewo, bambo a Ivy. Tsono khonde ndi lanu, ufa ndi wanu, wogulitsa mandasi ndi inu nomwe. Benedicta mumati apambane bwanji?"

Kefasi anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire, chifukwa bwana uja amene iye anamuda zaka khumi ndi chimodzi anamupeza atavala jekete lake lomwe. Apa m'pamene mawu a Luwiza analowa khutu lachiwiri. Khonde lake linali litapeza mbale, ndipo mbaleyo anali iye mwini.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake, tsiku la msika, Kefasi anasenza chiwaya chija pamutu n'kuyamba ulendo wa ku chigayo. Tangoganizani mkulu wa mpingo, mwini golosale, jekete lili pathupi, chiwaya chamafuta chili pamutu, akudutsa pakati pa msika wa Kamwendo. Amayi a matimati anasiya kuitanira malonda. Akabaza anaimika njinga. Iye anangoyenda, makutu akutentha, mpaka pamene panali Benedicta. Anatula chiwayacho pansi, ananjuta, n'kuwomba m'manja.

"Mayi, ndinakulakwirani. Ndinakuitanani pakhomo panga n'kukulandani mbale m'manja. Chiwaya ichi tengani, ine mandasi ndasiya."

Benedicta anapitiriza kukulunga mandasi a kasitomala m'pepala, osafulumira. Atamaliza anati, "Ndamva, bambo. Koma chiwaya ndili nacho changa. Mukandipatsa ichi, mawa mukhoza kugula china ku Lilongwe, ine ndidziwa bwanji?"

"Ndiye nditani kuti mukhulupirire?"

Mayiyo anaganiza pang'ono. "Kachipachikeni pakhonde panu, poti aliyense azichiona. Chiwaya chogwira ntchito sichisunga fumbi. Chikadzagwira fumbi, ndidzaona."

Kefasi anabwerera ndi chiwaya chake pamutu, anthu akuseka kawiri. Anakhoma msomali pa nsanamira yapakati ya khonde n'kuchipachika, kukamwa kwake kutayang'ana kumsewu. Kenako anakhala pansi n'kuyamba ntchito imene sanaiganizirepo m'moyo mwake, yodikira fumbi. Mwayi wake unali woti Seputembala wa ku Mchinji saumira fumbi. Komabe kwa munthu amene lole ikumubwerera, linkachedwa. M'mawa uliwonse ankachisuzumira. Tsiku lina maganizo anamufikira oti atape dothi lapansi awazemo, koma anadzigwira, podziwa kuti Benedicta si mwana.

Chimene anaona n'chakuti akabaza anayamba kudutsa pafupi. Wina ankaima ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kupititsa chala m'chiwayamo, n'kuchiyang'ana, n'kupalasa kulowera ku chigayo. Tsidya la msewu Luwiza ankaonerera zonsezi akusenda chinangwa chake. Tsiku lina anakuwa kuti, "A Namacha, nanunso mwapeza sing'anga?" Kefasi anaseka koyamba m'masabata atatu. Koma masiku ankatha, ndipo pa mabenchi panalibe amene anakhalapo.

Lachisanu lomaliza la mweziwo Consolata anachita zimene ananena. Anamanga mapoto m'chitenje, zofunda m'thumba, n'kuziika pafupi ndi chitseko. Sanakalipe, ndipo Kefasi sanamuletse.

Loweruka kunacha bwino. Kefasi anatsegula golosale, anasesa khonde, n'kukhala pa benchi yekha, akuyang'ana manja ake. Seveni koloko inakwana, kenako eyiti. Cha m'ma naini anamva kulira kwa zitsulo m'thumba. Anali Lameki. Anapereka moni ngati anachoka dzulo, anayala zitsulo zake pamalo pake pakale, n'kuyamba kupopa tayala la njinga imene inalibe vuto lililonse. Posakhalitsa anatulukira Benedicta, beseni pamutu. Sanalitule. Anapita kaye pa nsanamira paja, anapititsa chala m'chiwaya kuchokera m'mphepete mpaka pakati, n'kuchiyang'anitsitsa. Chala chinali chofiira ndi fumbi, ndipo pansi pa fumbilo panalibe mafuta atsopano. Anachipukuta pa chitenje, anatula beseni pa ngodya yake, n'kunena kuti, "Bambo, mundiyezere ufa makilo awiri wa mawa."

Kefasi analowa m'golosale mofulumira kuti anthu asaone maso ake. Mmene ankatuluka ndi ufawo, akabaza anayi anali atakhala kale pansi pa kesha, ndipo minibasi inali ikuima.

Lole inafika masana, itadzaza anyamata ndi mabanja ochokera kumwera, atakhala pa mitolo yawo, nkhope zili mbuu ndi fumbi la ulendo. Wilson anatsika kutsogolo ndi kope lake, n'kuima kaye akuyang'ana khamu la pakhonde.

"A Namacha, mukukwera?"

"Pitani bwino, akapitawo."

Wilson sanakhumudwe. Anali munthu wodziwa kununkhiza mwayi. Anamukokera Kefasi pambali n'kutsitsa mawu. "Chabwino. Koma pakhomo panu pali anthu, ndipo amakukhulupirirani. Mundipatse kangodya, ndiziika tebulo masiku a msika, ndizilemba matenanti pompano. Bwana adzakulipirani bwino, kuposa mandasi ndi masipoko onsewa kuphatikiza."

Kefasi anayang'ana anthu a mu lole aja. Kumbuyo kwenikweni kunali mwamuna wina wachinyamata ndi mkazi wake, atagwirizira poto mmodzi pakati pawo, akuyang'ana chilichonse ndi maso achilendo. Anawadziwa maso amenewo.

"Ngodya ilipo," iye anatero. "Koma pano pali lamulo. Mukauze bwana abweretse sikelo yake yatsopanoyo, tidzaipachike pa kesha apa. ANangondo adzatibwereka shuga wawo. Muvi ukadzaima pa wani, tebulo mudzaike."

Wilson anaseka kuseka kopanda mano, n'kutseka kope lake. "Bwana salola shuga pafupi ndi sikelo yake."

"Ndimadziwa," anatero Kefasi.

Dalaivala asanalize injini, Kefasi anapita pa ngodya ya Benedicta, anapisa m'thumba, n'kugula mandasi onse otsala m'beseni pa mtengo umene aliyense amagulira. Anawapereka m'manja mwa anthu a mu lole aja, kuyambira banja la poto mmodzi lija. Lole inanyamuka kulowera ku Kachebere, n'kusiya fumbi lambiri limene linatera pa mabenchi, pa zitsulo za Lameki ndi pa nsanamira.

Consolata anali atamasula kale mtolo wa mapoto. Anatuluka ndi kansanza n'kuyamba kupukuta mabenchi, ndipo atafika pa nsanamira yapakati anakweza dzanja mwachizolowezi kuti apukute chiwaya chija. Kefasi anamugwira mkono.

"Ilo lisiyeni, mayi a Ivy," anatero. "Fumbi limenelo ndi limene likutidyetsa."